Chilungamo Ndi Mphatso, Si Malipiro a Ganyu

Lamulungu la 30 pa Chaka, Chaka C

Mthenga Wabwino wa lero, wochokera pa Luka 18:9-14, akhristu ambiri amaudziwa pamtima, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho likangoyamba kuwerengedwa, aliyense amadziwiratu mathero ake nasankhiratu mbali yake. Ndi ochepa amene amatuluka m'tchalitchi akudziona ngati Mfarisi uja. Ambiri amatuluka ali ndi dzina la munthu wina m'mutu: wapampando uja, mayi uja wa kwaya, apongozi aja. Koma Luka Woyera akutchula poyera amene Ambuye Yezu adawaphera fanizoli. Adali anthu odalira ubwino wawo, amene ankayang'ana anzawo ndi diso lonyoza. Anthu otere Lamulungu m'mawa sapezeka kumowa kapena kumsika. Amapezeka m'tchalitchi, atafika nthawi yabwino, buku la nyimbo lili m'manja. Choncho fanizoli likuyankhula ndi mkhristu wokhulupirika, yemwe amabwera ku Misa sabata ndi sabata.

Mfarisi sadaname

Kuti fanizoli limveke bwino, nkofunika kuyamba ndi kumuchitira chilungamo Mfarisi. Masiku ano dzina loti Mfarisi lasanduka chipongwe, koma pa nthawi ya Ambuye Yezu Afarisi adali anthu olemekezeka. Ambiri a iwo sadali ansembe. Adali anthu wamba amene adadzipereka kuphunzira Malamulo a Mose ndi kuwasunga m'zonse, kunyumba, kumsika ndi pa chakudya pomwe. Nikodemo, amene adathandiza kuika maliro a Ambuye, adali Mfarisi. Gamaliele, amene adaletsa bwalo lalikulu kupha atumwi (Ntchito 5:34-39), adali Mfarisi. Pa Luka 13:31 ndi Afarisi ena amene adachenjeza Yezu kuti Herode akufuna kumupha. Paulo Woyera nayenso adakulira m'gulu lomweli.

Zimene Mfarisi wa m'fanizoli akunena za iye mwini ndi zoona, ndipo ndi zazikulu. Malamulo ankalamula kusala chakudya tsiku limodzi pa chaka, Tsiku la Chipepeso (Levitiko 16:29-31). Iyeyu ankasala kawiri pa sabata, mwina Lolemba ndi Lachinayi monga ankachitira Ayuda odzipereka. Malamulo ankatchula chachikhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta (Deuteronomo 14:22-23). Iyeyu ankapereka chachikhumi pa chilichonse cholowa m'manja mwake. Sankaba, sankapotoza milandu, sankayenda ndi mkazi wa mwini. Ambuye Yezu sakunena kuti munthuyu adanama ngakhale pa chimodzi. Akadakhala m'parishi muno, khadi lake la mtulo likadakhala lodzaza mpaka Disembala, ndipo pa chisankho cha atsogoleri a tchalitchi dzina lake likadadutsa popanda wopikisana naye.

Nanga chidalakwika nchiyani? Pemphero lake lidayamba bwino, ndi mawu othokoza Mulungu, koma silidapite patali lisanakhotere kwa mwini wake. Kuyambira pamenepo Mulungu adasanduka womvera chabe, woti alandire lipoti. M'pemphero lonselo mulibe pempho ngakhale limodzi, chifukwa wopempherayo sankaona chimene akusowa. Ndipo muyeso umene ankadziyezera sudali kuyera kwa Mulungu, koma kuipa kwa anthu ena. Kuti aoneke wamtali adafunika wina wamfupi woima naye pafupi, ndipo adamupeza kumbuyo kwa Nyumba ya Mulungu. Ichi chikuonetsanso kumene maso ake adali pa nthawi ya pemphero. Munthu amene akuyang'ana Mulungu sadziwa kuti kumbuyo kwaima ndani.

Wokhometsa msonkho adalidi wochimwa

Nkosavutanso kulakwitsa mbali inayo, kumuyesa wokhometsa msonkho munthu wofatsa amene anthu ankangomuda popanda chifukwa. Ayi ndithu. Okhometsa msonkho ankatolera ndalama za pa misewu, pa zipata ndi pa malonda m'dziko lolamulidwa ndi Aroma, ndipo phindu lawo linkachokera pa zimene aonjezera pamwamba pa msonkho woikika. Nchifukwa chake Yohane Mbatizi adawalangiza kuti asamalipiritse kuposa zimene adalamulidwa (Luka 3:12-13). Amasiye ndi alimi osauka ankalira nawo. Wolowa m'Nyumba ya Mulungu tsiku limenelo adali munthu wa mbiri yoipa, ndipo mbiriyo idali yoona.

Munthuyu adaima patali, maso ali pansi, akudziguguda pachifuwa, napempha chinthu chimodzi chokha, chifundo cha Mulungu. Sadapereke zifukwa. Sadatchule kuti ali ndi ana oti adyetse, kapena kuti pali anzake okuba kuposa iye. Sadatchule ngakhale Mfarisi amene adali kutsogoloyo. M'pemphero lake mudali awiri okha, Mulungu ndi wochimwa mmodzi.

Pali chinthu china chimene chimabisika m'Chichewa. Mawu a Chigiriki amene Luka adalemba pa pempho la munthuyu ndi a banja limodzi ndi mawu onena za nsembe yopepesera machimo. M'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu ankapereka mwanawankhosa m'mawa ndi wina madzulo tsiku ndi tsiku (Eksodo 29:38-42), ndipo anthu ankakonda kubwera kudzapemphera pa maola amenewo, monga adachitira Petro ndi Yohane pa ola lachitatu masana (Ntchito 3:1). Choncho wokhometsa msonkho sankangopempha kuti Mulungu amumvere chisoni. Ankapempha kuti chipepeso chimene iye sakadatha kuchipanga chimufikire. Akhristu amadziwa Mwanawankhosa amene nsembe zonsezo zinkalozera. Wopha fanizoli adali pa ulendo wopita ku Yerusalemu komweko, ndipo patangopita mitu yochepa ya Mthenga Wabwino wa Luka akupezeka pa mtanda.

Chigamulo cha Ambuye nchakuti wokhometsa msonkho ndiye adabwerera kwawo atalungamitsidwa, osati winayo. Liwu loti "atalungamitsidwa" nlofunika kulimvetsa. Sadadzilungamitse. Adachitiridwa. Mawu oyamba a lero, ochokera m'buku la Mphunzitsi Sira mutu 35, akonzeratu njira ponena kuti Mulungu ndi woweruza wosayang'ana nkhope, ndi kuti pemphero la munthu wodzichepetsa silibwerera panjira.

Waganyu ndi mwana wa pakhomo

Aliyense amadziwa kusiyana kwa waganyu ndi mwana wa pakhomo. Onse awiri akhoza kulima m'munda umodzi, ndi makasu ofanana, pa dzuwa limodzi. Waganyu amawerenga mizere, ndipo salakwa kutero, chifukwa madzulo akayenera kulandira zake monga adapanganirana. Zimene amalandira si mphatso, ndipo sayenera kugwada pozilandira. Mwana wa pakhomo amalimanso, nthawi zina kuposa waganyu, koma sawerenga mizere kuti akalipiritse bambo ake. Nsima ankadya asanadziwe kugwira khasu. Dzina la banja adalilandira ali khanda. Amalima chifukwa mundawo ndi wa kwawo.

Mfarisi adali mwana wa pakhomo amene adayamba kuganiza ngati waganyu. Adafika pamaso pa Atate ndi chiwerengero cha mizere. Paulo Woyera akufotokoza kusiyana komweku pa Aroma 4:4-5, kuti malipiro a wantchito ndi ngongole imene bwana ayenera kubweza, pamene chilungamo chochokera kwa Mulungu chimalandiridwa mwa chikhulupiriro. Pa Aefeso 2:8-9 akuti chipulumutso ndi mphatso, ndipo akupereka chifukwa chake, kuti pasapezeke wodzitama. Akhristu a ku Korinto, amene ankapikisana pa nzeru ndi pa mphatso za Mzimu, adawafunsa kuti atchule chinthu chimodzi chimene ali nacho chimene sadachite kulandira (1 Akorinto 4:7).

Mphatso imeneyi Mpingo umaitcha chaulere, ndipo dzinalo likunena zonse. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1996, amaphunzitsa kuti chaulere ndi chithandizo chimene Mulungu amapereka mwa kufuna kwake, munthu asanachiyenere, kuti akhale mwana wake. Pa ndime 2007 amaonjeza kuti pamaso pa Mulungu palibe amene angaime ngati wodzatenga ngongole, popeza zonse munthu adazilandira kwa Mlengi wake. Phunziro limeneli limaoneka ndi maso pa tsiku la ubatizo wa ana. Khanda limabwera ku tchalitchi lili kumsana. Silidasale chakudya, silidapereke mtulo, silidziwa ndi dzina lake lomwe. Ena amagona mpaka madzi atawakhudza. Komabe limatuluka lili mwana wa Mulungu mofanana ndi episkopi. Mkhristu aliyense, ngakhale amene adabatizidwa atakula, adalowa pa khomo lomweli. Zaka zitatu kapena zinayi za kalasi sizidagule ubatizo. Zidangokonza manja oulandirira.

Mkangano wakale mu Mpingo

Maganizo a waganyu si achilendo mu Mpingo. Cha m'ma 400 ku Roma kudali mphunzitsi wochokera ku Britain dzina lake Pelagius. Adali munthu wa moyo wodziletsa, ndipo ulesi wa akhristu a mumzindawo unkamunyansa. Pofuna kuwadzutsa, adaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu mwa iye yekha zosungira malamulo onse a Mulungu ngati atafunitsitsa, ndi kuti tchimo la Adamu lidasiyira ana ake chitsanzo choipa chabe. Amene adamutsutsa kwambiri ndi Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Algeria. Augustine ankadziwa kuchokera pa moyo wake kuti kufuna kokha sikukwanira. Adakhala zaka zambiri akudziwa chabwino koma osatha kuchichita, mayi ake Monica akumulirira, mpaka adabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387. Msonkhano wa maepiskopi ku Carthage m'chaka cha 418 udakana chiphunzitso cha Pelagius. Msonkhano wa ku Orange m'chaka cha 529 udapitirira pamenepo nunena kuti ngakhale chiyambi chenicheni cha chikhulupiriro, kamtima koyamba kofuna kubwerera kwa Mulungu, nakonso ndi ntchito ya chaulere. Ndiye kuti ngakhale miyendo imene idamufikitsa wokhometsa msonkho ku Nyumba ya Mulungu idayendetsedwa ndi Mulungu yemweyo.

Nkhaniyi idabukanso pa nthawi ya Martin Luther, ndipo idagawa akhristu. Msonkhano wa ku Trent udayankha pa 13 Januwale 1547. Ena amaganiza kuti Akatolika amakhulupirira zoti munthu amagula kumwamba ndi ntchito zake, ndipo pali Akatolika amene amaganiza chimodzimodzi. Trent sidaphunzitse zimenezo. Idanena kuti palibe chilichonse chimene munthu amachita asanalungamitsidwe chimene chingagule chaulere chomulungamitsa. Idanenanso kuti Mulungu polungamitsa munthu sangomufundika nsalu yoyera pamwamba pa litsiro, koma amamuyeretsa ndi kumukonzanso mkati, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana. Patapita zaka zoposa 450, pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse adasainira chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chaulere, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amamukonzekeretsa kuchita ntchito zabwino. Papa Francis, m'kalata yake ya Gaudete et Exsultate ya 2018, adachenjeza kuti mzimu wa Pelagius udakali moyo pakati pa akhristu amene amadalira mphamvu zawo nadziona apamwamba chifukwa chosunga malamulo ena.

Nanga ntchito zabwino nzachabe?

Wina akhoza kufunsa kuti, ngati zili choncho, kusala pa Lenti nkwachiyani, mtulo ngwachiyani, kudzuka m'mamawa kukasesa tchalitchi nkwachiyani? Funsoli nlabwino, ndipo mawu achiwiri a lero (2 Timoteo 4:6-8, 16-18) akuliyankha. Womva mosasamala akhoza kuganiza kuti Paulo akuyankhula ngati Mfarisi uja. Akunena za nkhondo imene wamenya, liwiro limene wathamanga mpaka kumapeto, ndi mphotho imene ikumudikira. Koma pali kusiyana kuwiri. Mphamvu akuzibwezera kwa mwini wake, ponena kuti Ambuye ndiwo adaima naye pamene anthu onse adamuthawa pa mlandu wake woyamba. Ndipo anthu amene adamuthawawo sakuwagwiritsa ntchito ngati chopondera kuti iye atalike. Akuwapempherera kuti Mulungu asawawerengere mlanduwo. Paulo yemweyu pa 1 Akorinto 15:9-10 sakubisa kuti adagwira ntchito kuposa atumwi ena, koma akukumbukira kuti adazunzapo Mpingo, ndipo akuti wogwira ntchitoyo ndi chaulere cha Mulungu mwa iye.

Choncho ntchito zabwino si mtengo wogulira chilungamo. Ndi zipatso zake. Aefeso 2:10, vesi lotsatira pa lija lonena za mphatso, likuti Mulungu adalenga anthu ake mwa Khristu kuti azichita ntchito zabwino. Kalata ya Yakobe mutu 2 ikuti chikhulupiriro chosabala ntchito chilibe moyo. Mlimi amene wangokhala pakhonde nkumati mvula ndi ya Mulungu adzagona ndi njala. Koma mlimi amene waimirira pa nkhokwe yodzaza nkumayankhula ngati mvula adagwetsa yekha ndi wopusa. Augustine ankaphunzitsa kuti Mulungu akamapereka mphotho pa ntchito zabwino za munthu, amakhala akulemekeza mphatso zake zomwe.

Fanizo la lero silikunena zimene wokhometsa msonkho adachita m'mawa mwake, koma Mthenga Wabwino wa Lamulungu likubwerali udzaonetsa. Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, adalandira Yezu m'nyumba mwake asanabweze kalikonse. Pambuyo pake mpamene adalonjeza theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene adawabera (Luka 19:1-10). Chifundo chidayamba, kubweza kudatsatira. Amene akuti walandira chifundo koma mbuzi ya mwini idakali m'khola mwake, sadalandire kanthu. Wangobwereka mawu a wokhometsa msonkho.

Kumene kunyada kumabisala

Pa mndandanda wa machimo asanu ndi awiri amene amabala machimo ena, Katekisimu amayamba ndi kunyada. Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Mpingo kuyambira 590 mpaka 604, ankakuona ngati muzu umene machimo enawo amaphukirapo. Kuopsa kwake nkwakuti machimo ena amadya zoipa, pamene kunyada kumanenepa ndi zabwino. Woledzera amadziwa m'mawa kuti dzulo adaledzera. Wonyada amagona tulo tabwino, chifukwa chimene chikumudwalitsa ndi Korona amene wapemphera, odwala amene wayendera ndi thumba la chimanga limene wapereka pa masika. Chiswe chimadya mtengo wa denga mkati, kunja kukuoneka bwinobwino, mpaka tsiku la mphepo.

M'parishi kunyada kumavala yunifomu. Kumapezeka pamene bungwe lina liziona kuti ndilo Mpingo weniweni, ena onse ndi ongoperekeza. Kumapezeka mwa woyimba amene wasiya kwaya chifukwa nyimbo yoyambitsa apatsa wina, ndi mwa mtsogoleri wa mphakati amene watsika pa udindo nkusiyiratu kubwera ku mapemphero. Kumapezeka pa kuwerenga maina a opereka, pamene wina amamvetsera dzina lake lokha ndi la amene wamuposa. Kumapezeka mwa ophunzira amene amakhala pa ulaliki ngati oyesa mayeso, kuwerenga zolakwa za katekisti wa kumudzi. Kumapezekanso mwa osaphunzira amene amati ophunzira onse alibe chikhulupiriro. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Pali malo amodzi pamene kunyada kumapweteka anthu koposa. M'tchalitchi chilichonse muli akhristu amene sapita ku Ukaristia: amene ukwati wawo sunadalitsidwe, mtsikana amene adatenga pathupi ali pasukulu, bambo amene adagwa m'mitala. Ambiri amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Mpingo uli ndi malamulo ake pa masakramenti, ndipo fanizoli silikuwafafaniza. Koma palibe lamulo la Mpingo limene limapatsa wobwera kuchokera ku Ukaristia ufulu woyang'ana otsala pa benchi ndi diso la Mfarisi. Ena mwa anthuwa adasiya kubwera ku tchalitchi, osati chifukwa cha chigamulo cha bambo mfumu, koma chifukwa cha manong'onong'o a pa mphakati. Pa maliro pamamveka mawu ofufuza ngati malemu ankapereka, ngati ankasonkhana, anamfedwa ali pomwepo akumva. Munthu amene amabwerabe Lamulungu lililonse kwa zaka khumi, akudziwa kuti sadzuka pa nthawi ya Ukaristia, akhoza kukhala kuti akupemphera pemphero limene Ambuye adaliyamikira lero. Amene adzabwerere kwawo wolungama pakati pa wa kutsogolo ndi wa kumbuyo, adziwa ndi Mulungu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pakhomo napo kunyada kumamanga nyumba. Pali mabanja amene mawu oti "pepani" adatha kalekale, chifukwa bambo sangapepese kwa mkazi, ndipo mayi amasunga kaundula wa zolakwa za mwamuna kuyambira chaka cha chinkhoswe. Pali abale a mimba imodzi amene sayankhulana chifukwa cha malire a munda, onse awiri akuyimba m'tchalitchi chimodzi, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye ayambe.

Misampha itatu yomaliza ndi yobisika kwambiri. Woyamba ndi wa munthu amene wamva fanizoli nkuthokoza Mulungu kuti iye sali ngati Mfarisi. Ameneyo wabwereza pemphero lomwe lija, wangosintha dzina la wonyozedwa. Anyani amasekana zikundu. Wachiwiri ndi kudzichepetsa kwa pakamwa, kwa munthu amene amadzitcha wochimwa wamkulu pagulu, koma wina akangomuuza cholakwa chimodzi chenicheni, moto umabuka. Wachitatu ndi kutaya mtima. Munthu amene akuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa chifundo cha Mulungu amaoneka wodzichepetsa, koma nayenso maso ake ali pa iye mwini. Petro ndi Yudasi onse adamulakwira Ambuye usiku umodzi. Petro adalira nadikira Ambuye. Yudasi adadziweruza yekha.

Kudzifufuza mumtima

Popeza kunyada sikudziulula, mkhristu ayenera kukufunafuna dala. Ignatius Woyera wa ku Loyola adasiyira Mpingo njira yachidule yodzifufuzira tsiku ndi tsiku, ndipo dongosolo lake lili ndi phunziro. Munthu amayamba ndi kuthokoza pa zimene walandira tsikulo. Kenaka amapempha kuwala kuti aone machimo ake, popeza ngakhale kuona tchimo ndi mphatso. Atatero mpamene amayenda m'tsiku lonse ola ndi ola, napepesa, natsimikiza zosintha mothandizidwa ndi chaulere. Woyamba ndi kuwerenga mphatso savutika kudzichepetsa, chifukwa amaona kuti ndi wangongole.

Sabata ino mkhristu aliyense apeze mphindi khumi asanagone, adzifunse mafunso awa mosadzinyengerera.

Kodi m'mapemphero ake muli pempho la chikhululukiro lotchula tchimo ndi dzina lake, kapena muli madandaulo okhaokha a zimene ena amuchitira?

Kodi ndani amene amati akamuona m'tchalitchi, mtima umati "ameneyunso"? Adamupemphererapo liti?

Kodi ntchito imene amagwira mu Mpingo angaipitirize ngati dzina lake litaleka kutchulidwa, kapena udindo utapatsidwa kwa wina?

Kodi akamva za kugwa kwa mnzake, chimayamba kubwera nchiyani, chisoni kapena kachimwemwe kobisika? Nanga uthengawo ukafika pa WhatsApp, umathera pa foni yake kapena amautumiza?

Kodi adapepesa liti komaliza kwa munthu wochepa kwa iye, mwana, wantchito kapena mkazi wake?

Kodi mavuto akamugwera, mumtima mwake mumabwera mawu oti Mulungu wamulakwira pambuyo pa zonse zimene wamuchitira? Pamenepo mpamene waganyu amaonekera.

Mayankho a mafunsowa malo ake ndi ku Sakramenti la Kulapa. Kumeneko nakonso Mfarisi amatha kulowa. Alipo amene amagwada nkuulula machimo a mwamuna wawo, a apongozi ndi a oyandikana nawo nyumba, nkumaliza ndi kunena kuti iwo adangopsa mtima pang'ono. Alipo amene papita zaka osalapa chifukwa, m'mawu awo, sadaphe munthu. Kulapa kwabwino nkwachidule ngati kwa wokhometsa msonkho: tchimo, dzina lake, kangati, popanda loya. Ndipo amene sakuona cholakwa chilichonse mwa iye afunse wa m'nyumba mwake, nakhale chete pomva yankho. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Benedict Woyera, m'mutu 7 wa Malamulo amene adalembera amonke ake, adafotokoza makwerero khumi ndi awiri a kudzichepetsa, ndipo pa khwerero lomaliza adaikapo wokhometsa msonkho wa m'fanizo lomweli. Ndiye kuti pemphero la munthu uja si la oyamba kumene, loti munthu akakula mu uzimu alisiye. Ndi pemphero limene oyera amafikako pamapeto. Thérèse Woyera wa ku Lisieux, amene adamwalira m'chaka cha 1897 ali ndi zaka 24, ankafuna kukaonekera pamaso pa Mulungu wopanda kanthu m'manja, osapempha kuti ntchito zake ziwerengedwe. Adagwira ntchito zambiri zachikondi, koma sadasunge kaundula.

Nsembe ya Misa imaphunzitsa zomwezi Lamulungu lililonse kwa amene ali tcheru. Isanafike pa Mawu a Mulungu, mpingo wonse umavomera kuti udachimwa, aliyense akudziguguda pachifuwa pake, osati pa chifuwa cha mnzake. Wansembe amatero pamodzi ndi anthu. Isanafike nthawi ya Ukaristia, onse amabwereka mawu a mkulu wa asilikali wa pa Mateyo 8:8 povomera kuti sayenera kulandira Ambuye. Ndipo pa mzere wopita ku guwa palibe amene amanyamula khadi, satifiketi kapena yunifomu ngati chiphaso. Aliyense amatambasula manja opanda kanthu, monga amachitira wopempha. Dzanja lofumbata silingalandire.

Ambuye amene adalungamitsa wokhometsa msonkho amakondanso Mfarisi, ndipo fanizoli adaliphera iyeyo kuti naye apulumuke. Khomo limene adalowera Paulo, Mfarisi wa ku Tarso, likadali lotsekula. Mulungu apatse akhristu a parishi ino chaulere choti adzione monga momwe Iye amawaonera, asale ndi kupereka mokondwa ngati ana a pakhomo, ndipo pobwerera kwawo lero akhale atalungamitsidwa ndi Iye. Amayi Maria, amene adayamika Mulungu chifukwa choyang'ana kuchepa kwa mdzakazi wake, awapempherere.